Phewa likawawa, mantha amamanga mkono: mafunso ndi mayankho kuchokera ku Lifuwu

Ku Lifuwu phewa silidziwa tchuthi. Usiku lili pa nkhafi ndi pa chingwe cha chilimira, m'mamawa likupopa mjigo ndi kutwika ndowa, dzuwa likakwera lili m'munda kuwokera mpunga kapena kuuomba. Nsomba zikatsika m'bwato, ndi phewa lomwelo lozinyamula kupita nazo pa thandala. Choncho likayamba kuwawa, munthu saganiza za ululu wokha. Amaganiza za ufa wa mawa. Ndipo m'maganizo amenewo mumabadwa chinthu chimene a zaumoyo akhala akuchifufuza kwa zaka zoposa makumi atatu: mantha osuntha chiwalo chimene chikuwawa.

Kodi mantha osuntha mkono ndi chiyani kwenikweni? Si ulesi chabe?

Si ulesi, ndipo nthawi zambiri amagwira anthu olimbikira ntchito. Ndi chikhulupiriro chimene chimakhazikika mumtima chakuti "ndikangokweza mkonowu, china chake chiduka mkatimu." Munthu amayamba kuusunga mkono ngati dzira. Malaya amavala mozemba, akagona amaopa kutembenuka, wina akamuyandikira m'minibasi amakunga thupi lonse.

Dzina la chingerezi la mantha amenewa, kinesiophobia, linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1990 ndi ofufuza atatu a ku America, Kori, Miller ndi Todd. Poyamba ankalankhula kwambiri za odwala msana. Pambuyo pake ena anaona kuti zomwezo zimachitikanso kwa odwala bondo, khosi ndi phewa.

Nanga mantha, omwe ali m'mutu, angaumitse bwanji phewa lomwe ndi mafupa ndi minofu?

Tiyerekeze msodzi amene anamva kuti thwe! m'phewa pokoka khoka tsiku la mwera. Sabata yoyamba akupumitsa mkono, ndipo palibe cholakwika. Koma sabata yachitatu ikukwana iye akadaukumbatira pachifuwa, chifukwa mumtima mwake watsimikiza kuti mtsempha unaduka. Apa thupi limayamba kusintha. Minofu yosagwira ntchito imafooka ndi kuchepa msanga, monga amadziwira aliyense amene anavulapo pulasitala n'kuona mkono wake utaonda. Kathumba kokuta pamene fupa la mkono limalumikizana ndi la phewa kamayamba kukungika. Minofu ya m'khosi ndi ya pamwamba pa msana imatenga ntchito yosakhala yake, nayonso n'kuyamba kuwawa.

Tsiku limene njala yamukakamiza kubwerera pa nyanja, amapita ndi phewa lofooka kuposa kale. Nkhafi yoyamba yomweyo ululu umabwera, iye n'kunena kuti, "Ndimadziwa ine." Mantha aja apeza umboni, ndipo akula.

Johan Vlaeyen ndi Steven Linton analongosola mzungulire umenewu mu 2000 m'magazini ya zachipatala yotchedwa Pain. Iwo anati ululu ukabwera pali njira ziwiri. Wina amautenga ngati chinthu chosautsa koma chodutsa, amabwerera ku ntchito pang'onopang'ono, n'kuchira. Wina amautenga ngati tsoka lalikulu, amaopa, amapewa kusuntha, thupi limafooka, mtima umagwa, ndipo ululu umakhalitsa.

Pali chinanso chimene ambiri sitichiganizira. Ululu sutuluka m'phewa mokha ngati madzi otuluka pa mjigo. Mitsempha imatumiza uthenga, koma ubongo ndiwo umaweruza kuti ngoziyo ndi yaikulu bwanji. Munthu wamantha, wosagona, wodera nkhawa ngongole ya injini kapena ya feteleza, ubongo wake umakhala ngati galu wolondera amene anabedwapo kale: tsamba likangogwa, wauwa. Ululuwo ndi weniweni, sakunamizira. Chasintha ndi chakuti belu la thupi layamba kulira pa zinthu zazing'ono.

Koma ululu si chizindikiro choti china chikuwonongeka?

Pa chilonda chatsopano kapena fupa lothyoka, inde. Koma pa phewa limene lawawa kwa miyezi, ululu ndi kuwonongeka sizimayendera limodzi monga timaganizira.

Phewa limagwiridwa ndi timinofu tinayi tozungulira mutu wa fupa la mkono, ndipo minyewa ya timinofu timeneti imaperepeseka ndi ukalamba ngati chingwe cha khoka. Mu 1995 ofufuza a ku America, motsogozedwa ndi Sher, anajambula ndi makina a MRI mapewa a anthu 96 amene sankamva ululu uliwonse. Mwa amene anali ndi zaka zoposa 60, oposa theka anali ndi minyewa yong'ambika, ena pang'ono, ena kwambiri, koma osadziwa kalikonse. Ku Japan, Minagawa ndi anzake anaunika anthu 664 a m'mudzi umodzi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi mnyewa wong'ambika mpaka kubooka, koma awiri mwa atatu a anthu amenewa sankamva kuwawa.

Ndiye kuti pakati pa agogo amene mukuwaona akusoka maukonde m'mphepete mwa nyanja, kapena akusenza mtolo wa nkhuni, n'kutheka ndithu kuti alipo amene chithunzi chawo chikanaoneka choopsa, koma mkono ukugwira ntchito bwinobwino. Ena chithunzi chawo chikanaoneka choyera pamene iwo akulephera kupesa tsitsi.

Kafukufuku wina amene anadabwitsa madokotala enieniwo anatuluka mu The Lancet mu 2018. David Beard wa ku Oxford ndi anzake anagawa odwala phewa 313 m'magulu atatu. Ena anawachita opareshoni yopala fupa la pamwamba pa phewa, imene inali yofala kwambiri. Ena anangowalowetsa kachipangizo koonera mkati koma osapala kalikonse. Ena sanawachite opareshoni. Magulu awiri oyambawo anapeza bwino mofanana. Ngati kupala fupa ndi kusalipala kukupereka zotsatira zofanana, ndiye kuti fupalo silinali nkhani yonse.

Pali umboni wanji woti mantha ndi kulephera kugwira ntchito zimagwirizana?

Ofufuza amayeza zinthu ziwirizi ndi mafunso. Pa mantha amagwiritsa ntchito kwambiri muyeso wotchedwa Tampa Scale for Kinesiophobia, wokhala ndi ziganizo 17 zimene wodwala amavomereza kapena kukana, ndipo malikisi ake amayambira pa 17 kulekezera pa 68. Pa kulephera ntchito pali muyeso wa SPADI, wa mafunso 13: asanu a ululu, asanu ndi atatu a zochita za tsiku ndi tsiku monga kusamba kumsana, kuvala malaya ndi kuika chinthu pamalo okwera. Akaika zotsatira za miyeso iwiriyi pamodzi, kawirikawiri amapeza kuti amene ali ndi mantha ambiri ndi amenenso akulephera zambiri.

Ku England, Rachel Chester wa ku University of East Anglia anatsatira odwala phewa 1,030 amene ankalandira mafizo, ndipo anawaonanso patatha miyezi isanu ndi umodzi. Amene anachira bwino kwambiri anali amene poyamba pomwe ankayembekezera kuchira, ndi amene ankadzidalira kuti angathe kuchita zinthu ngakhale ululu ulipo. Zimene wopima anapeza pogwiragwira phewa sizinalosere bwino chotero.

Apa pafunika chilungamo. Kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu amayeza anthu tsiku limodzi lokha, ndiye amangoonetsa kuti mantha ndi kulephera zapezeka nyumba imodzi. Sanena kuti analowa poyamba ndani. Munthu amene phewa lake ndi loipadi ali ndi chifukwa choopera. Ine ndimaona kuti ziwirizi zimadyetsana, ndipo mwayi wake ndi wakuti mantha ndi mbali imene ingathe kusinthidwa popanda mpeni kapena ndalama zambiri. Komanso miyeso imeneyi inapangidwira anthu a moyo wina. Mayi wa ku Lifuwu mukafuna kudziwa mmene phewa lake lilili, m'funseni ngati akutha kudzitwika yekha ndowa, kumanga mbereko kumsana ndi kusinja mumtondo.

Komatu munthu wa ku Lifuwu alibe mpata wopumitsa mkono. Kodi amenewa si matenda a anthu a m'maofesi?

Funso ili ndi lolemera, ndipo mbali ina ndi loona. Mpunga ukapsa sudikira phewa la munthu, mbalame zimayamba kukolola zisanapemphedwe. Usipa ukagwa mwezi uli mumdima, wotsala kumtunda watsala ndi njala. Ambiri sangakwanitse kukhala pansi miyezi itatu.

Koma mantha sathera pamenepo, amangosintha maonekedwe. Munthu amagwira ntchito ndi mkono umodzi, winawo ataubisa. Amapalasa mbali imodzi yokha mpaka msana upindike. Amasiya zinthu zina mwakachetechete: sayanikanso zovala pa chingwe chokwera, satsitsanso thumba pa njinga, amaitana mwana kuti amukande kumsana. Akafunsidwa amati ali bwino, pamene dera limene mkono wake umafika likucheperachepera.

Ndiye pali gulu lina losiyana kwambiri, limene Monika Hasenbring wa ku Germany analifotokoza: anthu amene amaluma mano n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Amameza mapiritsi, n'kukoka khoka usiku wonse, mawa lake osatha ngakhale kunyamula kapu ya tiyi. Akagona masiku anayi, ululu ukatsika, amabwereranso ndi mphamvu zonse. Kukwera ndi kugwa kotereku nakonso sikuchiritsa. M'madera a usodzi, kumene mwamuna wodandaula za ululu amasekedwa pa doko, anthu a mtundu umenewu sasowa. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala wouma mtima pa nyanja, koma wamantha kunyumba pokweza mkono kuti avale malaya.

Ndi liti pamene mantha ali olondola, ndipo munthu ayenera kuthamangira kuchipatala?

Izi zisasokonezedwe ndi zonse zimene tanena pamwambapa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwagwa kapena mwachita ngozi ya njinga yamoto ndipo phewa lasintha maonekedwe, kapena mkono sukukwera n'komwe. Likhoza kukhala fupa lothyoka kapena phewa lochoka m'malo mwake, ndipo lotere silofunika kukokedwa ndi anzanu pa doko. Pitaninso ngati phewa latupa, latentha ndipo thupi lonse latentha, chifukwa mafinya m'malo olumikizana mafupa amawononga m'masiku ochepa. Ululu wa phewa kapena mkono wamanzere wobwera ndi kuthina pachifuwa, thukuta ndi befu ungakhale wa mtima. Mkono wofooka mwadzidzidzi pamodzi ndi kukhota kukamwa kapena kulephera kulankhula ndi sitiroko.

Pali zina zimene ambiri sazidziwa. Ululu wa pansonga ya phewa mwa mayi amene wadumpha msambo ndipo akumva kupweteka m'mimba ungatanthauze kuti mimba yakhala panja pa chiberekero ndipo ikutaya magazi mkati. Chimodzimodzinso munthu amene wamenyedwa kapena kugundidwa kunthiti zamanzere, kumene kuli kapamba. Ndipo ululu wosaleka usiku ndi usana, wobwera ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena chifuwa chokhalitsa, ufunika kupimidwa chifukwa TB imagwiranso mafupa.

Zimenezi zikachotsedwa ndi wachipatala, ululu wotsalawo nthawi zambiri ndi wosautsa koma wosaopsa.

Nanga phewa limene lauma gwa, moti ngakhale wina akuthandizeni kukweza silikwera?

Limenelo ndi vuto lapadera, limene dokotala wa ku Boston, Ernest Codman, analitcha frozen shoulder mu 1934. Kathumba kokuta phewa kaja kamatupa, kenako n'kukhuthala ndi kukungika. Limakonda anthu a zaka za pakati pa 40 ndi 60, ndipo limagwira kwambiri odwala shuga. Munthu amene phewa lake lauma popanda kuvulala ndi bwino akayezetse shuga, chifukwa ena amadziwira pomwepo kuti ali nayo.

Kuuma kumeneku si kwa mantha, ndi kwa thupi. Kumayamba ndi miyezi ya ululu woopsa, makamaka usiku, kenako ululu umatsika koma kuuma kumatsala, ndipo pomaliza phewa limamasuka pang'onopang'ono. Zonsezi zimatha kutenga chaka mpaka zaka zitatu. Pa nthawi ya ululu waukulu, kulikakamiza mwamphamvu kumangoliputa. Koma mantha akalowererapo, munthu amasiya ngakhale zimene phewalo likanatha kuchita, ndipo nthawi yomasuka ikafika amapezeka kuti mkono wonse wafooka.

Kodi mantha amenewa amachokera kuti?

Ambiri amachokera m'mawu a anthu. Wachipatala wotopa, amene pa khomo pake pali mzere wautali, akhoza kuyang'ana chithunzi n'kungoti, "Mafupa anu atha, bambo." Iye waiwala pofika madzulo, koma wodwalayo adzayenda ndi mawu amenewo zaka. Kusintha kwa mafupa kumene kumaoneka pa ekisire mwa munthu wamkulu nthawi zambiri kuli ngati imvi, kumangosonyeza zaka. Wodwala akauzidwa choncho amatuluka ali wina.

Kunyumba nako chikondi chimatha kumanga mkono. "Amayi, siyani, musagwire, mudzipweteka." Ana akunena zabwino, koma mayiyo akalandidwa mtondo, tsache ndi ndowa zonse nthawi imodzi, amayamba kudziona ngati wolumala. Ndiye pali nkhani za pa doko ndi pa mjigo, za uje amene anayamba chonchi mpaka mkono unafota.

Ena phewa likakhalitsa amayamba kuganiza kuti pali dzanja la munthu, mwina mnzawo wa nsanje chifukwa cha nsomba kapena malire a munda. Sindikufuna kutsutsana ndi zikhulupiriro za munthu pano. Ndingonena zimene zimaoneka: munthu akakhulupirira kuti mkono wake wamangidwa ndi mphamvu yoposa iye, sayesanso kuusuntha, ndipo zotsatira zake pa minofu n'zofanana ndi za mantha ena onse. Za mphini, chodetsa nkhawa ndi lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo. Kuthowa ndi madzi ofunda kulibe vuto, ndipo kumathandiza ngati kukutsatiridwa ndi kusuntha mkono.

Ndiye munthu ayambire pati?

Ayambire pamene mantha ali ochepa. Njira imene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi yofanana ndi mmene mwana wa kunyanja amaphunzirira kusambira: sayambira pakuya. Munthu amatchula zinthu zimene amaziopa, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, n'kuyamba ndi chaching'onocho, kuchibwereza masiku angapo mpaka ubongo utaona kuti palibe chaduka.

Zipangizo zake zili pakhomo. Weramani pang'ono, dzanja labwino litagwira mpando, mkono wowawawo ulendewere ndi kuzungulira wokha mofatsa. Gonani chagada mutagwira mpini wa khasu kapena nkhafi ndi manja onse, ndipo mkono wabwino utsogolere wodwalawo kukwera kumutu. Imani moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo ngati nyerere, ndipo ikani chizindikiro ndi khala pamene mwafika. Chizindikiro chimenecho n'chofunika kuposa mmene chimaonekera, chifukwa pakatha milungu iwiri maso amaona okha kuti mkono wakwera, ngakhale mtima ukukana.

Kenako pamabwera mphamvu. Botolo la theka la lita lodzaza madzi, kulikweza m'mbali ndi kutsogolo. Likapepuka, la lita imodzi. Lamba wodulidwa ku chubu cha njinga, womangidwa pa nsanamira, amathandiza kulimbitsa timinofu tozungulira phewa tija: chigongono chikhale chomata m'nthiti, dzanja likokere kunja. Pambuyo pake ntchito yeniyeni, koma mogawa. Ndowa yatheka isanafike yodzaza. Kupalasa pafupi ndi gombe nyanja ili bata, musanaganize zopita kutali usiku.

Ululu pang'ono pochita zimenezi ndi wololedwa. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati ululuwo ndi woti mungathe kucheza muli nawo, ndipo pofika mawa lake wabwerera pamene unali, pitirizani. Ngati wakula n'kukulepheretsani kugona, mwapyola, chepetsani koma musasiye. Minofu imatenga nthawi kuti ilimbe, ndipo ambiri amafunika pafupifupi miyezi itatu asanaweruze ngati njirayi yathandiza. Masiku oipa adzakhalapo pakati. Tsiku loipa silitanthauza kuti mwang'ambanso china.

Mapiritsi a pa golosale aja?

Panado ndi Brufen zingathandize kuti munthu agone ndi kuti ayambe kusuntha mkono. Koma Brufen, Indocid ndi ena a mtundu wawo akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso. Amayi oyembekezera, odwala BP kapena impso, ndi amene akumwa ma ARV afunse kaye wachipatala. Kumwa mapiritsi kuti mukakoke khoka usiku wonse ndi kutseka pakamwa mlonda.

Thandizo la mafizo lingapezeke kuti kwa munthu wa ku Lifuwu?

Poyambira ndi pa chipatala chaching'ono cha Lifuwu, pamene angapime zizindikiro zoopsa zija ndi kulemba kalata yotumizira ku chipatala cha boma la Salima. Zipatala za m'maboma m'Malawi muno zimadalira kwambiri madokotala othandizira a mafupa, amene maphunziro awo anayamba mu 1985, ndipo ndiwo amabwezeretsa mapewa ochoka m'malo ndi kumanga mafupa othyoka. Zovuta kwambiri zimapita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Akatswiri a mafizo akadali ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Digiri ya ntchitoyi inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Isanafike nthawiyo ntchito yambiri inkagwiridwa ndi bungwe la MAP, limene linayamba mu 1979 polimbana ndi zotsatira za poliyo, ndipo ndilo linkayendetsa Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre.

Kwa munthu wa ku Lifuwu, ulendo uliwonse wa ku boma ndi ndalama ya njinga yamoto komanso tsiku lotayika pa ntchito, ndiye n'kovuta kupita sabata iliyonse. Ulendo umodziwo ugwiritsidwe ntchito mokwanira. Funsani mwachindunji kuti, "Kodi pali choopsa m'phewa langali? Ndikalisuntha ndiwononga china?" Pemphani akuonetseni zochita zitatu kapena zinayi, muzichite pamaso pawo kuti akukonzeni, ndipo azilembe kapena kuzijambula m'buku lanu la kuchipatala. Ngati n'kotheka pitani ndi wa kunyumba amene amakuletsani kugwira ntchito uja, kuti yankholo alimve ndi makutu ake.